Za Jude the Obscure, tisamangosimba za moto wa bishopu

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga mu nyuzi yathuyi ndiyankhepo pa nkhani ija inatuluka pa tsamba la zolembalemba yokamba za buku la Thomas Hardy lotchedwa Jude the Obscure. Kuthokoza ndithokoze kaye chifukwa si kawirikawiri kuona mabuku akale a ku England akukambidwa m'Chichewa, ambiri timangowamva mayina basi. Koma mlembi wanu uja nkhani yonse anaimanga pa zinthu ziwiri zokha, zoti bishopu wina analiwotcha bukulo ati ndi lolaula, ndi zoti Hardy zinamuwawa mpaka anasiya kulemba manovelo. Sindikuti ananama ayi, koma ndi nkhani yomwe aliyense amaibwereza akangotchula bukuli, ndipo munthu amene sanaliwerenge akamva zimenezi amangoti ooh nde kuti ndi buku la zakuchipinda eti, pamene theka la ukali wa bukuli uli pa khomo la yunivesite lomwe mwana wa m'mphawi anagogoda koma osamutsegulira. Anthu a mu 1895 amene analinyoza anachita phokoso pa za ukwati, za khomolo ambiri anangozilumpha, nde ifenso pano tikulumpha pamalo omwewo.

Kwa amene sanaliwerenge, Jude Fawley ndi mwana wamasiye wa m'mudzi wotchedwa Marygreen, akuleredwa ndi gogo wina wachibale wophika buledi yemwe samabisa kuti mwanayo ndi chimtolo kwa iye. Buku likuyamba ali ndi zaka 11. Ganyu yake ndi kuingitsa mbalame m'munda wa mlimi wina pa mapeni 6 patsiku, ndipo anakwapulidwa nkuchotsedwa chifukwa anazimvera chisoni mbalamezo nkuzisiya kuti zidye. Mphunzitsi wake Phillotson wasamukira ku Christminster, mzinda wa makoleji, ndipo aliyense wowerenga nthawi imeneyo ankadziwa kuti Hardy akunena Oxford. Kamnyamataka kamakwera pamalo okwera madzulo kukasuzumira kuwala kwa mzindawo chapatali mpaka kanadziuza kuti kumeneko ndikafika basi. Atapeza mabuku akutha a galamala anayamba kudziphunzitsa yekha Chilatini ndi Chigiriki, ndipo pali kachigawo kena komwe ine ndimakakonda kwambiri, akugawa buledi pa ngolo ya hatchi, buku walimangirira ndi lamba patsogolo pake, dikishonale ili pamiyendo, hatchi ikuyenda yokha poti njira ikuidziwa, mpaka wapolisi anachita kumuchenjeza kuti anthu akudandaula. Munthu wotere mungamunene kuti ndi waulesi kapena wopanda mutu?

Atakula anaphunzira ntchito yosema miyala kuti azidzidyetsa akumawerenga usiku, ndipo ku Christminster anafikadi, koma anafika ngati mmisiri wokonza zipupa za makoleji zomwe zinkagumuka ndi ukalamba, fumbi la miyala mbuu thupi lonse, ana a sukulu akumudutsa osamuona nkomwe. Atawerengera kuti asunge ndalama zolipira yekha anapeza kuti zimutengera zaka 15. Nde analembera makalata akuluakulu a makoleji asanu kupempha malangizo, ndipo anamuyankha ndi mmodzi yekha, kayankho kafupi kaulemu wake, kuti poona kuti ndinu munthu wa ntchito zamanja zikuyenderani bwino mukakhala pamalo panu nkulimbikira ntchito yanuyo. Basi kalata yathera pomwepo. Usiku womwewo Jude atamwa anatenga choko nkulemba pakhoma la koleji mawu a pa Yobu 12:3, aja akuti nanenso nzeru ndili nazo ngati inu, simundiposa ayi. Apa ndi pamene pali mtima wa bukuli a Mkonzi, koma mlembi wanu kalata imeneyi sanaitchule ngakhale kamodzi.

Ndipo musaganize kuti Hardy anangopeka kuti atilize, England anali choncho. Lamulo la maphunziro la 1870 ndi lomwe linabweretsa masukulu a pulayimale m'madera momwe munalibe okwanira, mu 1880 sukulu inakhala yokakamiza kwa ana aang'ono, mu 1891 fizi ya pulayimale inachotsedwa m'masukulu ambiri, nde pofika 1895 dziko linali litadzaza ndi ana a anthu wamba odziwa kuwerenga, ena mwa iwo anjala ya mabuku yoopsa, koma njira yochoka pamenepo kukafika ku Oxford kapena Cambridge inali yopapatiza moti tingoti kunalibe. Lamulo la 1871 linachotsa zoti munthu azivomereza kaye chiphunzitso cha Church of England kuti apeze digiri kapena udindo pa mayunivesite akalewa, chabwino, koma ndalama sanachotse, Chigiriki sanachotse, ndipo Chigirikicho chinkaphunzitsidwa bwino m'masukulu olipira a ana a mabwana, kotero ngakhale thandizo lomwe linalipo la ophunzira anzeru ankalipata ndi omwewo amene anakonzekeretsedwa kuyambira ali ana. M'bukumu Sue, msuweni wa Jude yemwe anadzakondana naye, amamuuza Jude kuti makoleji amenewa poyamba anawamangira anthu ngati iweyo, okonda maphunziro koma opanda ndalama ngakhale abwenzi, koma ana a anthu olemera anakukankhira kunja. Hardy naye ankazidziwa izi kuchokera m'nyumba mwake. Anabadwa mu 1840 ku Higher Bockhampton m'dera la Dorset, bambo ake anali mmisiri wa miyala ndi womanga nyumba, iye ali ndi zaka 16 anapita kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Dorchester ndipo ankadzuka m'mamawa kuwerenga Chilatini ndi Chigiriki asanapite ku ofesi. Ku yunivesite sanapiteko. Azichemwali ake awiri anaphunzira zauphunzitsi pa koleji ya ku Salisbury, ndipo koleji ya malamulo okhwima yomwe Sue amathawa potulukira pawindo nkuwoloka mtsinje usiku ili mu mzinda wa Melchester, womwe ndi Salisbury yemweyo.

Za ukwati zilimo, zambiri ndithu, sindingabise. Jude ali mnyamata anakodwa ndi Arabella Donn, mwana wa woweta nkhumba, yemwe poyamba kumufuna anamugenda ndi chiwalo chobisika cha nkhumba yophedwa Jude akuyenda akulota za madigiri ake, kenako anamuuza kuti ali ndi pakati pamene analibe, ukwati nkuchitika, mabuku nkuyamba kudetsedwa ndi mafuta a nkhumba. Pali tsiku lomwe wopha nkhumba anachedwa chifukwa cha chipale chofewa nde awiriwa anayenera kuipha okha, Arabella akuti ubaye pang'ono ife pang'onopang'ono magazi atuluke onse kuti nyama ikhale yoyera igulike bwino, Jude osapirira kulira kwake anangoibaya mwamphamvu kuti ife msanga, mkazi nkukalipa kuti waononga ndalama. Ukawerenga pamenepo umadziwiratu kuti banja ili silipita patali. Arabella anapita ku Australia, Jude anadzakondana ndi msuweni wake Sue Bridehead, mtsikana wowerenga mabuku a woganiza mozama John Stuart Mill, wokayika za tchalitchi, yemwe naye anakwatiwa ndi Phillotson koma thupi lake linkamukana mwamunayo mpaka tsiku lina anadumpha pawindo la chipinda cham'mwamba bamboyo atangolowa mosadziwa.

Kuti timvetse chifukwa chomwe zimenezi zinapsetsa mitima tiyenera tione malamulo a nthawiyo. Chisanafike chaka cha 1857 munthu wofuna kuthetsa banja nkukwatiranso ankafunika lamulo lakelake la Nyumba ya Malamulo, zomwe ndi olemera okhaokha ankakwanitsa. Lamulo la 1857 linapititsa nkhanizi ku khoti, koma linali lokondera poyera, mwamuna ankangofunika kuonetsa kuti mkazi wachita chigololo basi, pamene mkazi ankayenera kuonetsa chigololo kuphatikizapo china monga nkhanza kapena kuthawidwa, ndipo izi zinadzafanana mu 1923. Mkazi wapabanja kukhala ndi chuma chakechake zinabwera ndi malamulo a 1870 ndi 1882, dzulodzulo lomweli kwa anthu a mu 1895. Mu 1888 mayi wina wolemba, Mona Caird, analemba mu Westminster Review kuti ukwati mmene unalili unali wolephera, nyuzi ya Daily Telegraph inafunsa owerenga ake ngati zili zoona ndipo inalandira makalata pafupifupi 27,000. Mu 1890 mtsogoleri wa andale a ku Ireland, Parnell, anagwa pa udindo chifukwa cha mlandu wothetsa banja la mayi yemwe ankakhala naye. Nde Hardy sanayambitse mkanganowu, anaupeza uli pamoto kale. Chomwe iye anachita chowawa ndi chakuti m'buku mwake mabanja onse awiri amatha ku khoti mosavuta kwenikweni, Jude ndi Sue ali omasuka kukwatirana, koma akafika ku ofesi yolembetsa maukwati nkuona anzawo omwe ali pamzere, msilikali wokwiya ndi mkwatibwi wa diso lotupa, amabwerera osasaina. Ndipo chomwe chimawapha si khoti ayi, ndi anthu oyandikana nawo, manong'onong'o, kuchotsedwa pa ganyu yokonza zilembo za Malamulo Khumi m'tchalitchi chifukwa anthu amva kuti awiriwa sanadalitse, eni nyumba za lendi kuwakana poona ana ndi mimba. Phillotson naye ntchito ya uphunzitsi inamuthera chifukwa chololera mkazi wake kupita mwamtendere m'malo momutsekera m'nyumba.

China chomwe mlembi wanu akanatithandiza nacho ndi mmene mabuku ankagulitsidwira. Kwa zaka zambiri novelo yatsopano inkatuluka m'mavoliyumu atatu pa mtengo wa masheleni 31 ndi theka, ndalama yoposa malipiro a pasabata a wantchito wamba, nde anthu sankagula, ankabwereka ku malaibulale olipira monga la Mudie, komwe unkalipira masheleni 21 pachaka, ndi la W. H. Smith. Eni malaibulalewa akati buku ili silingawerengedwe pamaso pa mtsikana wapanyumba ndiye kuti lafa basi. Magazini nawonso chimodzimodzi. Pamene novelo ina ya Hardy, Tess of the d'Urbervilles, inkatuluka pang'onopang'ono mu magazini ya The Graphic mu 1891, Hardy anakakamizidwa kusintha malo ena pomwe mnyamata amanyamula atsikana m'manja kuwaolotsa pamadzi, anachita kulemba kuti anawanyamula pa wilibala, tangoganizani. Chaka cha 1890 anali atalemba kale nkhani yodandaula kuti magazini ndi malaibulale akupangitsa olemba kunama za moyo. Jude naye anayamba kutuluka mu Harper's New Monthly Magazine kuyambira Disembala 1894 mpaka Novembala 1895, poyamba ndi mutu wakuti The Simpletons kenako Hearts Insurgent, atamuchotsa mano ambiri kuti asakhumudwitse mabanja. Koma mu 1894 Mudie ndi Smith omwewo anauza osindikiza kuti sazilipiranso kuposa masheleni 4 pa voliyumu, kachitidwe ka mavoliyumu atatu kanagwa, nde Jude potuluka ngati buku mu Novembala 1895 anatuluka voliyumu imodzi ya masheleni 6, zonse zija anadula zitabwezeretsedwa, munthu atha kugula yekha nkukawerengera kunyumba popanda wa laibulale kumusankhira. Onjezani kuti mu Meyi chaka chomwecho wolemba wotchuka Oscar Wilde anali atangolamulidwa kukakhala kundende zaka ziwiri akugwira ntchito yakalavulagaga, ndipo mu 1889 wosindikiza mabuku Henry Vizetelly, nkhalamba, anamangidwa miyezi itatu chifukwa chotulutsa mabuku a Zola, wolemba wa ku France, m'Chingerezi. Anthu a nyuzi anali ali tcheru kusaka wina womuloza chala.

Nde chinatsatira ndi chomwe mlembi wanu wakamba. Nyuzi ya Pall Mall Gazette inapotoza mutu wa bukuli nkulitcha Jude the Obscene, kutanthauza Jude Wolaula. Ku New York mayi wina wa nyuzi, Jeannette Gilder, analinyoza koopsa mu nyuzi ya World kenako nkudzapempha kuti acheze ndi Hardy, iye anakana. Bishopu wa ku Wakefield, William Walsham How, analembera Yorkshire Post mu 1896 kuti bukuli linamunyansa moti analiponya pamoto, ndipo anachititsanso kuti Smith alichotse mu laibulale yake. Wina ku Australia anatumizira Hardy kaphukusi ka phulusa ati ndi la buku lake. Hardy mwini ankakayika ngati bishopuyo anawotchadi, poti inali nyengo yotentha yomwe anthu sasonkha moto m'nyumba komanso buku lochindikala silipsa wamba, ndipo mu mawu omwe anawonjezera mu 1912 ananena moseka kuti mwina bishopuyo anawotcha buku chifukwa chosowa njira yowotchera mlembi wake. Koma chomwe chimandidabwitsa ine ndi chakuti How sanali munthu woipa kapena wodana ndi amphawi ayi, anagwira ntchito zaka zambiri pakati pa osauka a kum'mawa kwa London mpaka ankamutcha bishopu wa amphawi, ndipo nyimbo zina zomwe analemba zikuimbidwabe m'matchalitchi mpaka lero. Munthu ngati ameneyu anawerenga za mmisiri wofuna kukhala wansembe yemwe makoleji a mpingo wake womwe anamukana, koma chomwe anaona ndi zolaula zokha. Kaya sanafike pa kalata ija, kaya anafikapo koma sinamukhudze.

Wina amene amatchulidwa ngati mdani wamkulu ndi Margaret Oliphant, yemwe mu Januwale 1896 analemba mu Blackwood's Magazine nkhani ya mutu wakuti The Anti-Marriage League, kuika Hardy gulu limodzi ndi Grant Allen amene buku lake The Woman Who Did linatuluka mu 1895 ngati Jude, ati onsewa apangana zogwetsa ukwati, ndipo Arabella anamutcha nkhumba ya munthu. Anthu lero amamuseka mayiyu ngati gogo wamanyazi, koma tisafulumire. Anamwalira mwamuna wake mu 1859 nkumusiya ndi ana ndi ngongole, analera ana ake komanso a mchimwene wake ndi cholembera basi, mabuku oposa 90, ndipo pofika 1894 ana ake onse anali atamwalira. Mayi wotere akamati ukwati ukamasuka ovutika ndi akazi ndi ana amalankhula zomwe akuzidziwa, ndipo bukulo ukaliwerenga mpaka kumapeto silimutsutsa kwenikweni, chifukwa amene amalipira kwambiri ndi Sue ndi ana. Pomwe ndimasiyana naye ndi pomwe amaona ngati Hardy akulalikira kuti anthu asamakwatirane. Wolalikira amaonetsa kuti njira yake ndi yabwino, pamene apa aliyense amathera m'mavuto, wokwatira ndi wosakwatira yemwe.

Ndipo ndinene chilungamo, Hardy naye anawonjeza mchere. Mwana wa Jude ndi Arabella, uja anamupatsa dzina loti Little Father Time chifukwa nkhope yake inali ya nkhalamba, kupachika ana anzake awiri nkudzipachika yekha m'kachipinda ka lendi atasiya kakalata kakuti wachita izi poti tachuluka, ambiri amene amalikonda bukuli amavomereza kuti pamenepa dzanja la mlembi likuoneka likukankha zinthu. Mwanayo salankhula ngati mwana, amakhala ngati chikwangwani choyenda. Mnzake wa Hardy weniweni, Edmund Gosse, analemba mu magazini ya Cosmopolis kufunsa kuti kodi Mulungu anamulakwira chiyani Hardy kuti aziimirira m'minda ya Wessex, dera lomwe nkhani za m'mabuku ake zimachitikira, nkumaloza chibakera kwa Mlengi wake, ndipo funsolo silopusa. Mkazi wa Hardy, Emma, yemwe anali wokonda zopemphera, bukuli analida, ndipo banja lawo lomwe linali kale lozizira linaziziriratu. Munthu amene waika patsamba la mutu wa buku mawu a Paulo akuti chilembo chimapha, nkulemba m'mawu oyamba kuti bukuli ndi la amuna ndi akazi akuluakulu, ankadziwa chomwe akuputa. Walira mvula walira matope.

Koma panali ena omwe anaona chinthu chinacho, ndipo taonani kuti anali ndani. H. G. Wells analemba mu Saturday Review kumayambiriro kwa 1896 kuti phokoso la zakugonana likubisa nkhani yeniyeni, ndipo kuti mwa Jude mukumveka mawu a munthu wantchito wophunzira momveka kuposa kale lonse m'mabuku a Chingerezi. Wells ameneyu ndi uja anayamba ngati mnyamata wogulitsa nsalu m'sitolo, mayi ake wantchito wa m'nyumba ya mabwana, ndipo anapulumukira pa thandizo la boma lomwe linamufikitsa pa sukulu ya sayansi ku South Kensington komwe anaphunzitsidwa ndi T. H. Huxley. Iye kalata ya mkulu wa koleji ija sakanailumpha, inali ngati yalembedwera iyeyo. Havelock Ellis naye analiikira kumbuyo mu The Savoy chaka chomwecho, ndipo ku America W. D. Howells analiyamikira. Owerenga wamba nawo sanamvere bishopu, m'miyezi itatu yokha makope pafupifupi 20,000 anali atapita. Nde tikamati bukuli linakanidwa tizinena kuti linakanidwa ndi ndani.

Pa zoti Hardy anasiya manovelo chifukwa chosweka mtima, iye mwini ananenadi mu 1912 kuti zomwe zinachitikazi zinamuchiza chilakolako cholembanso novelo, nde mlembi wanu ali ndi pogwira. Koma munthuyu kuyambira ali mnyamata ku London ankafuna kukhala wandakatulo, manovelo anawalowa chifukwa ndakatulo zake palibe ankazisindikiza ndipo ankafunika kudya. Pofika 1895 anali ndi zaka 55, nyumba yake ya Max Gate yomwe anaijambula yekha anali atakhalamo zaka khumi, Tess inali itamubweretsera ndalama zabwino, Jude nayenso akugulidwa. The Well-Beloved inatuluka ngati buku mu 1897 koma inali yakale, inayamba yatuluka m'magazini mu 1892. Mu 1898 anatulutsa Wessex Poems ndipo anapitiriza ndakatulo zaka 30 mpaka imfa yake mu 1928. Ine ndimaona kuti onyoza aja anamupatsa chifukwa chabwino chochitira zomwe ankafuna kale, ndipo kumujambula ngati munthu wofooka amene anatsekedwa pakamwa ndi kumuchepetsa.

Chomwe chinapitirira nthawi yaitali kuposa mkwiyo wa atsogoleri a mpingo ndi kamwano ka anthu ophunzira, ndipo apa ndi pamene nkhani ya kalandiridwe ka bukuli imafanana ndi nkhani ya m'bukumo. Wolemba manovelo Henry James polembera mlembi mnzake Robert Louis Stevenson za Tess anamutcha Hardy kamunthu kabwino kakang'ono. Wolemba wina, G. K. Chesterton, mu 1913 anamufanizira ndi wosapemphera wa kumudzi amene akung'ung'udza ndi kunyoza Mulungu poyang'ana chitsiru cha m'mudzimo. Wandakatulo T. S. Eliot mu 1934 anamudzudzula kuti ankalemba mosasamala za mwambo uliwonse, ndipo F. R. Leavis wa ku Cambridge potchula olemba manovelo akuluakulu a Chingerezi mu 1948 Hardy anamusiya panja. Muone mawu omwe amabwerabwera, wakumudzi, wodziphunzitsa yekha, Chingerezi chake cholemera ngati cha munthu amene wameza dikishonale. Zolaula zija anthu anasiya kuzitchula pasanapite nthawi, koma zoti munthuyu akhale pamalo pake sizinathe msanga. Anadzachita kubwera Raymond Williams, mwana wa wantchito wa pa njanji wa ku Wales yemwe anakafika ku Cambridge, kudzanena kuti kutcha Hardy wodziphunzitsa yekha kumangotanthauza kuti sanadutse m'masukulu a mabwana ndi ku Oxford kapena Cambridge, chifukwa kunena za maphunziro enieni anaposa anthu ambiri a nthawi yake. Ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900 pamene akazi olemba anayamba kumuunika Sue mwatsopano, monga Kate Millett mu 1970, funso linasintha, sanafunsenso ngati Sue ndi wachiwerewere koma chifukwa chiyani Hardy anamuthyola chonchija, mtsikana wanzeru kuposa onse m'bukumo kubwerera yekha kwa Phillotson ngati chilango chodzipatsa ana atafa. Limenelo ndi funso lomwe ndikanakonda tsamba lanu litalitenga tsiku lina chifukwa ine pandekha sindikhutira ndi mmene Sue amathera, ndimaona ngati Hardy anamumvetsa Jude mpaka m'mafupa koma Sue ankamuyang'anira panja.

Jude amamwalira ali ndi zaka pafupifupi 30, m'kachipinda ku Christminster komweko, sabata ya zikondwerero za yunivesite, akupempha madzi popanda womupatsa chifukwa Arabella, yemwe anamukwatiranso ataledzera, wapita kokaonera mpikisano wa mabwato, iye akunong'ona mawu a Yobu otemberera tsiku lomwe anabadwa kunja anthu akukuwa mokondwera. Zaka zinayi bukuli litatuluka, mu 1899, ku Oxford kunatsegulidwa Ruskin College yophunzitsa anthu ogwira ntchito zamanja, ngakhale sinali mbali ya yunivesite yeniyeniyo, ndipo Hardy analemba kuti owerenga ena ankati ikanayenera kutchedwa koleji ya Jude the Obscure. Chigiriki chokakamiza polowa ku Oxford chinadzachotsedwa mu 1920, akazi anayamba kulandira madigiri kumeneko chaka chomwecho pamene Cambridge inadikira mpaka 1948, ndipo mu 1920 momwemo Oxford inaitana Hardy, nkhalamba ya zaka 79, kudzamuveka mkanjo nkumupatsa digiri yaulemu.

Pempho langa a Mkonzi ndi lakuti mlembi wanu akadzabwereranso pa mabuku a nthawi ya Mfumukazi Victoria azitiuzako za malamulo, za masukulu ndi za mitengo ya mabuku ya nthawiyo, ndipo akamatchula onyoza azitchulanso oyamikira ndi komwe ankachokera. Ngati malo ndi ochepa pa tsambalo atha kuigawa nkhaniyo pawiri, ife owerenga tidikira sabata inayo.

Ndine wanu,
Wowerenga tsamba la zolembalemba